Ana asukulu angayeze bwanji ngati kanema akuwakokera mbali imodzi pa nkhani zakunja?

Wofunsa:
Akuluakulu a pa gulu lino, thandizeni. Ndikukonzera ana a Fomu 3 phunziro la mmene wailesi za kanema zimasinthira maganizo a anthu pa zochitika kunja. Nkhondo ya ku Gaza kapena ya ku Ukraine ikatuluka pa BBC, Al Jazeera, CNN ndi CGTN imamveka ngati nkhondo zinayi zosiyana. Sindikufuna kungowauza ana kuti kanema amanama, ndikufuna azitha kuyeza okha. Tili ndi dikoda imodzi ndi mafoni ochepa. Tiyambire pati, nanga zitsanzo zenizeni ndi ziti?

Mkonzi wa nkhani:
Aphunzitsi, mwayamba bwino. Mphamvu ya matchanelo amenewa yagona pa kusankha: nkhani iti ilowe, ikhale yachingati, ipatsidwe masekondi angati. Zonsezi zimawerengeka ndi wotchi ya pa foni.

Sankhani nkhani imodzi, muilondole masiku asanu, Lolemba mpaka Lachisanu. Matchanelowa amawerenga nkhani ola likangokwana, ndiye dikoda imodzi ikukwanirani: jambulani ndi foni mphindi 15 zoyambirira za tchanelo chimodzi 1 koloko, china 2 koloko, kenako 3 ndi 4. Mawa lake sinthani ndondomeko, chomwe chinali chomaliza chikhale choyamba. Mukapanda kusintha, ana adzati tchanelo chabisa chinthu pamene chinthucho chinali chisanachitike pa ola limenelo.

M'kope alembe zinayi. Nkhaniyo inali yachingati. Inatenga masekondi angati. Ndani anamveka ndi mawu akeake, kwa masekondi angati, ndipo ndani anangonenedwa ndi mtolankhani. Chachinayi ndi aneni: "aphedwa" ndi "afa" sizofanana, chifukwa loyambalo limafuna wakupha, linalo limamuchotsa m'chiganizo. Chimodzimodzi "wanena" ndi "akuti".

Poyamba aonere atatseka mawu. Aone ngati mbali ina ikuoneka nkhope, mayi atanyamula mwana pakhomo la chipatala, pamene inayo ikungooneka ngati utsi wojambulidwa patali. Owonera amamvera chisoni amene amuona m'maso.

Mphunzitsi wa mbiri yakale:
Pa zitsanzo, yambani ndi Ethiopia. Pa 23 October 1984 BBC inaonetsa lipoti la Michael Buerk lochokera ku Korem, zithunzi atajambula Mohamed Amin wa ku Kenya. Njala inali itayamba kale kupha anthu, koma dziko linadzidzimuka litaona zithunzizo, ndipo pa 13 July 1985 kunachitika Live Aid, zoimbaimba zosonkhetsa ndalama zothandizira anjalawo, ku London ndi ku Philadelphia. Muwafunsenso ana chomwe chinasowa: ambiri owonera anatenga kuti vuto ndi chilala basi, pamene nkhondo ya ku Tigray ndi Eritrea komanso mfundo za boma la Mengistu zinakulitsa njalayo kwambiri.

Kenako Rwanda, 1994. Kupha anthu a mtundu wa Tutsi kunayamba pa 7 April, mwezi womwe atolankhani ambiri anali ku South Africa kudikira chisankho chomwe chinalowetsa Nelson Mandela. Makamera anadzachuluka mu July ku Goma, m'dziko la Zaire (lero DR Congo), othawa ku Rwanda atagwidwa ndi kolera. Chitsanzo ichi n'chofunika kuposa cha Ethiopia, pakuti chimaonetsa zomwe zimachitika kamera ikapanda kufika pamalo.

Wophunzitsa utolankhani:
Ndiwonjezeko pa zomwe anena anzangawa, kuti ana asapite poganiza kuti kanema ndiye amalamula maboma. Anthu amakonda kutchula Somalia: mu October 1993 kanema anaonetsa mtembo wa msilikali wa America ukukokedwa m'misewu ya Mogadishu, ndipo patangopita masiku ochepa Pulezidenti wa America Bill Clinton analengeza kuti asilikali adzakhala atachoka pofika 31 March 1994. Izi n'zoona. Koma amene anafufuza za kulowa kwa asilikaliwo mu December 1992 anapeza kuti makamera anachuluka akuluakulu a ku Washington atayamba kale kukamba za Somalia. Kanema amakankha kwambiri pamene boma silinamange mfundo. Likamanga, nthawi zambiri ndi kanema amene amatsatira boma.

Ana alembenso mwini tchanelo pamwamba pa tsamba. Al Jazeera inayamba mu 1996 ndi ndalama za boma la Qatar. CGTN ndi ya boma la China, ndipo nthambi yake ya Africa ili ku Nairobi. CNN inayambitsidwa ndi Ted Turner mu 1980 ndipo ndi ya bizinesi. Kudziwa mwini sikutanthauza kutaya zonse zomwe tchanelo chanena. Muone mmene chimanenera nkhani yokhudza mwini wakeyo, kukondera kumaonekera pamenepo.

Wofunsa:
Zikomo kwambiri nonse. Funso lina, bambo mkonzi: ana akapeza kuti zithunzi n'zofanana pa matchanelo onse, ndiye kuti nkhaniyo yatsimikizika?

Mkonzi wa nkhani:
Ayi, aphunzitsi, ndipo apa ndi pomwe ambiri amagwa. Matchanelo amagula zithunzi ku mabungwe otolera nkhani a Reuters, AP ndi AFP, kotero mwina mwaona kamera imodzi kanayi. Ayang'ane pakona pa sikirini, pamalembedwa gwero. Akaona mawu oti "file" kapena "archive", zithunzizo n'zakale, asaziwerenge ngati za lero. Zikafanana chomwecho phunziro lanu lapepuka, chifukwa kusiyana konse kwatsala pa mawu a mtolankhani. Asasakanizenso nkhani ndi mapulogalamu a zokambirana, pomwe alendo amaitanidwa dala kuti akangane. Akazolowera, sabata yachiwiri ayeze MBC, Zodiak ndi Times ndi kope lomwelo.