Thandizeni maganizo: mwana asayine baseball kapena apite kaye ku koleji?

Membala wobisa dzina:
A adimini chonde mundibisire dzina, pagulu pano pali achibale ambiri. Moni nonse. Ndine mayi, ndimakhala ku Indiana kuno ku America, ntchito yanga ndi yosamalira okalamba. Mwana wanga wamwamuna ali ndi zaka 18, akumaliza high school chaka chino ndipo amasewera baseball, malo ake ndi center field, kwa inu amene simutsata masewerawa ndi aja atatu amaima kutali kumapeto kwa bwalo kudikira mpira womenyedwa m'mwamba, iyeyo ndi wapakatiyo. Liwiro ali nalo zedi ndipo kuwakha ndiye musanene. Ma scout (anthu ofufuza osewera aluso) a matimu a MLB, ligi yaikulu ya baseball kuno, akhala akubwera kumagemu ake, wina anachita kufika pakhomo nkutifunsa kuti kodi mwanayu atasankhidwa pa draft ya mu July (pamene matimu amasinthana kusankha osewera atsopano, round ndi round) angavomere ndalama zingati. Sanalonjeze kanthu koma mmene amalankhulira zikuoneka kuti ndi ma round akumapeto, 11 mpaka 20, ndalama yake mwina madola 150,000. Mbali inayi koleji ina yamupatsa malo mu timu ndi sikolashipu ya theka, theka linalo tizilipira tokha kapena ngongole. Bambo ake akuti asayine basi, ndalama zoterozo ife sitinazigwirepo ndipo sukulu siithawa. Kumudzi nkhani inafika kale kaya anaiulutsa ndani, amalume ake ayamba kale kuwerengera malata. Mwini wakeyo ukamufunsa amangoti kaya mami chilichonse, koma ndikumuona kuti mtima uli kosayina. Ine masewerawa ndimangoomba m'manja ena akaomba, nde amene mukuzidziwa ndiuzeni zoona, ntchito imeneyi imayenda bwanji akasayina?

Mnyamata wa ku Lilongwe:
Mami ife kuno timangodziwa Bullets ndi Noma koma 150,000 ya madola mukufunsanso maganizo?? Sayinani lero lomwe

Bambo wa ku Texas:
Achimwene a ku Lilongwe dekhani kaye. Mayi, choyamba mudziwe kuti kusankhidwa pa draft sikutanthauza kuti mwana walowa MLB, walowa pansi penipeni pa makwerero. Amayambira ku rookie ball, ligi ya ongoyamba kumene, ku Arizona kapena Florida, kenako Single-A, High-A, Double-A, Triple-A, pamenepo mpamene MLB ili pamwamba, ndipo sitepe iliyonse anyamata ena amabwezedwa kwawo. Wochokera ku high school kawirikawiri zimamutengera zaka zinayi, zisanu kapena kuposa, ndiye kuti zikuyenda bwino, ndipo ambiri osankhidwa m'ma round mwatchulawo safika nkomwe. Malipiro ake a kumunsiku mgwirizano wa 2023 unaika chonchi pachaka: rookie 19,800, Single-A 26,200, High-A 27,300, Double-A 30,250, Triple-A 35,800. Nyumba timu imapereka kuyambira 2022, kale anyamata ankagona asanu chipinda chimodzi. Muyerekeze nokha ndi zomwe mumalandira inuyo kuntchito kwanu. Ndalama zomwe amalume akumvazo zili ku MLB, kumene wotsikitsitsa ankalandira 760,000 mu 2025, koma ngakhale kumeneko zaka zitatu zoyamba timu ndi imene imanena malipiro, ndipo mpaka akwanitse zaka 6 mu MLB mpamene amakhala mfulu kudzigulitsa ku timu iliyonse. Nde 150,000 ija si malipiro, ndi ndalama ya kamodzi, msonkho udulapo, ejenti atengapo yake, yotsalayo ndi yoti imusunge zaka zonse akukwera makwererozo. Malata sakwanapo pamenepo.

Mayi wa ku Maryland:
Amalumewo auzeni mwaulemu kuti mwana sanayambe ntchito. Ndipo musamatchule manambala pafoni yakumudzi achemwali, mudzadana ndi mudzi wonse.

Bambo wa ku New Jersey:
Ine ndikugwirizana ndi bambo a mwanayu. Mike Trout ndi wa kuno ku Millville, center field yemweyo, Angels inamutenga ku high school mu 2009, pofika 2011 anali mu MLB, mu 2019 anasayina zaka 12 madola 426.5 miliyoni. Mookie Betts anali ndi malo ku yunivesite ya Tennessee, anawasiya nkusayina ndi Red Sox mu 2011, pano si katswiri wotchuka mu MLB? Thupi la wothamanga silidikira digiri, akakathyoka bondo ku koleji scout ameneyo simudzamuonanso. Ku timu amaphunzitsidwa ndi makochi enieni tsiku ndi tsiku, osati kugawa nthawi ndi ma assignment.

Bambo wa ku Texas:
Achimwene anthu mwatchulawo onaninso pamene anasankhidwira. Trout anali nambala 25 mu round yoyamba, Betts round 5 ndipo anamupatsa 750,000. Timu ikaika ndalama zambiri pa mwana imamupirira, akalephera sizoni imodzi amamupatsanso mpata chifukwa bwana amene anamusankha safuna kuoneka wolakwa. Wa round 17 akalephera sizoni imodzi kumbuyo kwake kuli kale anyamata atsopano a draft yotsatira kuphatikiza a ku Dominican Republic ndi Venezuela amene amasayina ali ndi zaka 16. Komanso draft ya Trout yomweyo ya 2009, nambala 3 anali Donavan Tate, center field wa ku high school, Padres inamupatsa madola oposa 6 miliyoni, sanaponde MLB ngakhale tsiku limodzi, mapeto ake anakalowa koleji ku Arizona ali ndi zaka 26 kukayesa mpira wina uja wa chi America. Ngati tikutchula mayina titchule mbali zonse.

Mayi wa ku California:
Ine ndingowonjezera Aaron Judge poti nkhani yake ikufanana ndi ya mwana wanu. Mu 2010 akumaliza high school ku Linden, Oakland inamusankha round 31, anakana nkupita ku Fresno State. Patatha zaka zitatu, 2013, Yankees inamutenga nambala 32 pa draft yonse ndi madola 1.8 miliyoni. Analowa MLB mu August 2016 ali ndi zaka 24, mu 2022 anamenya ma home run (mpira womenyedwa mpaka kutuluka bwalo) 62. Sindikunena kuti wanu adzakhala Judge ayi, ujatu ndi chimphona, koma kukana round yakumapeto si kutseka chitseko. Chomwe muyenera kudziwa nchakuti akalowa koleji ya zaka zinayi sangasankhidwenso mpaka atamaliza chaka chachitatu kapena atakwana zaka 21.

Bambo wa ku Fort Wayne:
Mayi ndinu a ku Indiana kuno nde muyenera kumudziwa Kevin Kiermaier, mwana wa mu Fort Wayne muno. Nonse mukukangana ngati njira zilipo ziwiri, ilipo yachitatu, junior college ya zaka ziwiri. Fizi ndi yotsika ndipo kumeneko mwana amaloledwa kulowa draft chaka chilichonse, sadikira zaka zitatu zija. Kiermaier anapita ku Parkland College ku Illinois, Rays inamutenga round 31 mu 2010, ndipo chinamukweza ndi chomwe mukuti mwana wanu ali nachocho, miyendo ndi kuwakha, Gold Glove, mphoto ya odziwa kuwakha, anatenga kanayi. Koma ndinene chilungamo, draft inachepetsedwa kukhala ma round 20 kuyambira 2021 ndipo matimu a kumunsi anadulidwa kutsala 120, malo a anyamata ongoyesedwa ngati iyeyo anachepa.
Funso langa lomwe palibe wafunsa: mwanayu amamenya bwanji? Mwatiuza za liwiro ndi kuwakha basi. Ku outfield, kwa atatu oima kutali aja, kuwakha kumakusunga pa center pokha, akadzabwera wina wothamanga kumuposa amamukankhira kumanzere kapena kumanja, ndipo kumeneko matimu amafuna munthu womenya mpira kutuluka bwalo, wosamenya alibe malo. Ku high school amagwiritsa bat yachitsulo, mpira umauluka ngakhale waumenya molakwika, akasayina ndi yamtengo ndipo oponya ake amaponya pa liwiro la mamailosi 95 pa ola kuphatikiza mipira yokhota. Anyamata ambiri othamanga amathera pa Double-A chifukwa cha mpira wokhotawo.

Mlongo wa ku Johannesburg:
Kuno tili ndi chitsanzo chathu Gift Ngoepe, ngakhale iye sanali wa outfield, anali wa mkati mwa bwalo. Anasayina ndi Pirates mu 2008, anafika MLB mu April 2017, woyamba wobadwira mu Africa kusewera kumeneko, ndipo chomwe chinamuchedwetsa zaka zonsezo ndi kumenya komwe akunena bambo a ku Fort Wayne, manja owakhira anali nawo kuyambira kale. Mu MLB anakhalamo pang'ono chabe, 2017 ndi 2018.

Mayi wina:
Pempherani achemwali, musale kudya ndi banja lonse, Mulungu ayankha.

Membala wobisa dzina:
Zikomo nonse, ndawerenga mpaka ndemanga yomaliza ndili pa break. Mayi a pemphero amen, tikupemphera. Bambo a ku Fort Wayne funso lanu landigwira, ndamuimbira mwana ndamufunsa, akuti ndi yachitsulo amamenya bwino koma chilimwe chathachi atasewera mpikisano wa bat yamtengo mipira yambiri imathera m'manja mwa anthu, ndipo scout uja anamuuza kuti kuthamanga amupatsa 70 koma kumenya 40, kaya ndi pa 100 kaya.

Bambo wa ku Fort Wayne:
Si pa 100 mayi, ma scout amawerenga kuyambira 20 mpaka 80, 50 ndiye wapakati wa mu MLB. 70 pa liwiro ndi yapamwamba kwambiri, 40 pa kumenya ndi yochepera, nchifukwa chake akukamba za round 11 kupita mtsogolo. Kukhala mwana wanga ndikanati akaphunzire kaye kumenya kumene sangachotsedwe ntchito akalephera, ndipo nthawi ya chilimwe azikasewera ma ligi a bat yamtengo, akachita bwino ku koleji atha kuitanidwa mpaka ku ligi ya Cape Cod ku Massachusetts kumene ma scout amadzadza. 40 ija ikafika 50 ndalama yake si imeneyinso.

Bambo wa ku Texas:
Ndipo ngati mwana akakamira kusayina, poti moyo ndi wake, musangolandira nambala ya scout. Uzani timu ilembe mu kontrakiti ndalama ya sukulu, MLB ili ndi dongosolo loti timu imalipira koleji mwana akadzasiya kusewera, koma zimakambidwa asanasayine ndipo zili ndi nthawi yake yoti ayambire sukuluyo, akachedwa zimapita. Nambala yanu muigwirizane m'nyumba draft isanafike chifukwa tsikulo foni imalira nkukupatsani mphindi zochepa kuti muyankhe. Za ejenti funsani kaye ofesi yoona malamulo a masewera ku koleji yamupatsa maloyo musanasayine pepala lililonse ndi munthu, kuti mwana asataye mwayi wosewera ku koleji.

Bambo wa ku New Jersey:
Ine ndikadali pomwepo, asayine. Koma za sukulu mu kontrakitizo nzoona.

Membala wobisa dzina:
Bambo ake ndawaonetsa malipiro a Single-A aja angoti hmm nkutuluka panja, tikambirana Lamlungu tikachoka ku tchalitchi mwana ali pomwepo. Pakadali pano amene mwana wake anadutsa ku junior college ndi baseball, ku Illinois, Iowa kapena kuno ku Indiana, andiuze kuti malo ogona amapereka kapena timafuna tokha, komanso ngati ma credit ake amawalandira akamasamukira ku koleji ya zaka zinayi. Mundiyankhe pompano, ku inbox ayi, dzina lingaululike.