Chinthu chili kumwamba chisowa bwanji, ndipo munthu wamba angachipeze?

WaKuSengaBay

Abale anzanga muli bwanji. Ndithandizeni amene mumatsata za kumwambazi. Ndamva kuti kuli anthu ena oti si asayansi olembedwa ntchito, masana amagwira zintchito zawo zina koma usiku amachezera kuyang'ana kumwamba mpaka amatulukira miyala ikuluikulu yozungulira dzuwa ija amati ma asteroid, ena mpaka kupezanso nyenyezi za mchira zoti zinasowa kalekale. Nde chikundizunguza mutu nchakuti chinthu chili kumwamba chisowa bwanji? Ndipo akachipeza amadziwa bwanji kuti ndi chomwe chija osati china? Komanso ndifunse mosabisa, ife kuno ku Salima mu Juni ndi Julayi kumwamba kumayera bwino, magetsi akathima nyenyezi zimachita kuunjikana, kodi munthu ngati ine wopanda telesikopu ndingachitepo kanthu kapena ndi za anthu a ndalama basi?

MphunzitsiWaFizikisi_KK

Achimwene mwafunsa bwino ndipo nkhaniyi ndimaikonda zedi. Kusowako sikuti chinthucho chachoka, chilipo ndithu chikuyenda m'njira yake, ndife amene sitikudziwa poti tilozetse maso. Inu a ku Senga Bay taganizani mwaona nyali ya boti usiku pakati pa nyanja kwa mphindi ziwiri zokha kenako yabisika, ndiye wina akufunseni kuti mawa nthawi ngati yomweyi likhala pati. Mukanaiona ola lathunthu mukanalozako pafupi. Kumwambanso ndi chonchi, mukaona mwala masiku ochepa okha masamu a njira yake amakhala ndi kampata kolakwika, zaka zikamapita kampatako kamakula mpaka simudziwa kolowera. Mwala wina wotchedwa Hermes anauona mu 1937 kwa masiku ochepa, unadzapezekanso mu 2003.

Nyenyezi za mchira nde zimavuta kuposa apo. Zili ndi madzi oundana osakanikirana ndi fumbi, zikayandikira dzuwa mpweya umatuluka nkumazikankha pang'onopang'ono, zikadutsa pafupi ndi Jupiter nayenso amazikoka nkusintha njira, zina zimangozilala osawalanso, zina zimasweka kumene. Ina yotchedwa Biela anaiona itagawika pawiri mu 1846, mu 1852 zidutswa ziwirizo zinabweranso, kuchokera pamenepo zii.

Koma imene imandisangalatsa ine ndi ya Swift-Tuttle. Inaoneka mu 1862, ambiri anawerengera kuti ibweranso cha m'ma 1981 kapena 1982, anthu anadikira koma ayi ndithu. Katswiri wina Brian Marsden anali atanena kale kuti ngati ili yomwe ija inaonedwa ku China mu 1737 ndiye kuti ifika cha mu 1992. Ndipo amene anaipeza mu Sepitembala 1992 sanali pulofesa ayi, anali Tsuruhiko Kiuchi wa ku Japan, munthu wongoikonda ntchitoyi, ndi mabayinokula akuluakulu basi. Imatenga zaka pafupifupi 133 kuti izungulire dzuwa, ndipo fumbi limene imasiya m'njira ndi limene limabweretsa nyenyezi zothothoka zambiri zija mu Ogasiti. Enanso awiri a ku Japan komweko, Koichi Itagaki ndi Hiroshi Kaneda, mu 2008 anapeza ya Giacobini yomwe inaoneka mu 1896 nkusowa zaka zoposa 100.

Zodziwa kuti ndi yomwe ija sayang'ana maonekedwe ayi chifukwa mchira umasinthasintha. Amayeza malo ake enieni pakati pa nyenyezi usiku wosiyanasiyana, nkutumiza manambalawo ku Minor Planet Center ku America, kumeneko amawerengera njira yake chobwerera m'mbuyo, ikakagwera ndendende pamene akale anaiona ndiye basi ndi yomweyo.

MdalaWaKuBoma

Aphunzitsi mwandikumbutsa kutali. Ife nyenyezi ya mchira ya Halley tinaiona mu 1986, wailesi inkailengeza kwambiri tinkadzuka mbandakucha kukaima kunyanja, kunena zoona sinawale monga tinkayembekezera inali ngati kamtambo chabe koma tinaiona. Akuti ibweranso 2061, adzukulu adzaonerere. Ndingowonjezera kuti musamati za ku Japan ndi ku America zokha, kuno ku Africa konkuno kunali Jack Bennett wa ku Pretoria, naye sanali wolembedwa ntchito ya nyenyezi, anatulukira nyenyezi ya mchira kumapeto kwa 1969 ndipo mu 1970 inawala kwambiri anthu ankaiona ndi maso okha. Mpaka lero imatchedwa dzina lake.

Inu mwana wanga wa ku Senga, ngati mukufuna mdima weniweni musayang'ane cha kunyanja masiku opanda mwezi, nyali za asodzi a usipa zimakhala mbee. Kwerani chakumtunda, ndipo musadikire Sepitembala kapena Okutobala anthu akayamba kutentha tchire utsi umaphimba zonse.

WaKuSengaBay

Zikomo kwambiri aphunzitsi ndi inu madala, mwanditsegula maso. Nde kuteroko nditapeza imodzi idzatchedwa dzina langa eti? Ndipo mabayinokula angakwane?

MtsikanaWaMaKompyuta

Achimwene ndisakunamizeni, ndi mabayinokula wamba aja a pamsika kutulukira asteroid yatsopano masiku ano iwalani. Zowala zonse zinapezeka kale, zotsalazi nzozilala kwambiri ndipo makina akuluakulu ngati Pan-STARRS ku Hawaii, Catalina ku Arizona ndi ATLAS yomwe ilinso ndi telesikopu ku Sutherland ku South Africa amasesa kumwamba usiku uliwonse kukakhala kopanda mitambo. Kale m'ma 1990 zinkatheka, Takao Kobayashi yekha anapeza ma asteroid oposa 2,000, koma pano mpata unachepa.

Koma sindikuti mukhale pansi ayi. Pali njira yoti telesikopu simuifuna, mungofunika laputopu ndi kabandulo. Kuli bungwe lotchedwa IASC, International Astronomical Search Collaboration, limapereka ulere zithunzi zochokera ku Pan-STARRS kwa magulu a ana asukulu ndi anthu wamba, inu mumaika pulogalamu ya Astrometrica, zithunzi za malo amodzi zojambulidwa motalikirana mphindi zingapo imazisinthasintha mwachangu, nyenyezi zonse zimangokhala phee koma kadontho kamene kakusuntha mumzere nde mwala wanuwo, mumakayeza nkutumiza lipoti. Ntchito yake njofuna kudekha chifukwa timadontho tina ndi zinyalala za kamera chabe. Chomwe chimandiwawa ine nchakuti masukulu athu ambiri ali ndi ma science club ongokhala, pomwe izi anyamata ndi atsikana anayi kapena asanu ndi laputopu imodzi atha kupanga bwinobwino. Palinso zithunzi za setilaiti ya SOHO yoyang'ana dzuwa zomwe zili pa intaneti poyera, nyenyezi za mchira zoposa 5,000 zapezeka mmenemo ndipo zambiri anazipeza ndi anthu wamba atakhala kunyumba kwawo, kungoti zimenezo zimatchedwa SOHO osati dzina lanu.

MphunzitsiWaFizikisi_KK

Achemwali anena zoona, koma pa za makina akuluakuluwo ndisiyane nawo pang'ono, satenga zonse ayi. Gennadiy Borisov wa ku Crimea mu Ogasiti 2019 ndi telesikopu yopanga yekha anayang'ana chammunsi kummawa kutatsala pang'ono kucha, dera loyandikana ndi dzuwa lomwe makina aja sakonda kulozako, nkupeza nyenyezi ya mchira yochokera kunja kwenikweni kwa banja la dzuwa lathuli, yoyamba yamtunduwu kudziwika.

Za dzina zili chonchi achimwene. Nyenyezi ya mchira yatsopano nthawi zambiri imatenga dzina la woitulukira. Yosowa mukaipezanso nthawi zambiri imasunga dzina lakale, nchifukwa chake mpaka lero timati Swift-Tuttle osati Kiuchi. Asteroid ndiye imayamba yapatsidwa chaka ndi zilembo, iyenera kuonedwa mobwerezabwereza kwa zaka mpaka njira yake itatsimikizika, ikapatsidwa nambala mpamene woitulukira amaloledwa kupereka dzina loti akuluakulu a IAU, bungwe la padziko lonse la akatswiri a zakumwamba, avomereze. Nchifukwa chake anthu wamba ambiri amene ali ndi matelesikopu ntchito yawo yaikulu pano ndi kulondola miyala yongopezeka kumene kuti isasowenso ngati Hermes, ndipo ntchito imeneyi si yamasewera. Pa 2 Juni 2018 kamwala kotchedwa 2018 LA anakaona kutatsala maola ochepa kuti kagwe, kanaphulikira mumlengalenga mwa Botswana ndipo zidutswa zake anakazitola ku Central Kalahari.

Mabayinokulawo musawataye, yambani nawo kuphunzira kumwamba kuti muzidziwa chili pamalo pake ndi chachilendo. Ndipo sungani deti iyi, 13 Epulo 2029, mwala wa Apophis udzadutsa makilomita pafupifupi 32,000 kuchokera padziko, sudzatigunda, ndipo kuno ku Africa udzaoneka ndi maso okha kukadzakhala kopanda mitambo. Mmodzi mwa atatu amene anautulukira mu 2004, Roy Tucker, ankadziwikanso ndi kusaka miyalayi ndi matelesikopu a pakhomo pake ku Arizona.

WaKuSengaBay

Achemwali a makompyuta, ndili ndi mphwanga akuphunzitsa pa sekondale ina kuno laputopu ali nayo, ndimuuza mawa tione ngati tingapange kagulu. Astrometrica yo imalemera bwanji poidawuniloda, bandulo ya sabata ingakwane?