Kodi bwato logwirapo kale ntchito ndiliyese bwanji ndisanapereke ndalama?

Mlimi, Bangula

Akuluakulu, ndikupempha nzeru kwa inu odziwa za mabwato. Ndili ndi dimba kutsidya kwa Shire, ndipo ndalama zomwe ndimalipira powolotsa chimanga ndi mbatata zikundichulukira, choncho ndaganiza zogula bwato langa. Bambo wina akugulitsa lake lomwe akuti ndi la mtondo. Lili ndi zigamba ziwiri za malata zomatidwa ndi phula, china m'mbali, china pansi chakumbuyo, ndipo ndalama zomwe akufuna zikuposa theka la zomwe osema akutchula pa bwato latsopano. Ndiyang'ane chiyani, nanga zigambazo zitsitse ndalama motani?

Msodzi, Chiromo

Achimwene, musamalize malonda bwato lili pamadzi, chifukwa mtengo ukanyowa umafufuma n'kutseka ming'alu, ndipo zotsalazo zimabisidwa ndi matope. Pemphani anthu a padoko akuthandizeni kulikokera kumtunda, mulitembenuze, mupale ndere zonse, kenako muligogode ndi mpini wa nkhwangwa kuyambira kutsogolo mpaka kumbuyo. Pamene pali bwino pamalira mouma, koma pamene pawola pamangomveka phu phu, ndipo mukabayapo ndi nsonga ya mpeni imalowa mosavuta n'kutuluka ndi zinyenyeswa zakuda. Mukhalitse kunsonga ziwiri za bwatolo, popeza ming'alu yambiri imayambira kumeneko. Mng'alu waufupi wotsata utali wa bwato umamatika, pamene wodutsa chopingasa pansi ine sindiukhulupirira ngakhale ataupaka phula wochuluka bwanji.

Zoti ndi mtondo musangozimva pakamwa. Palani pang'ono m'kati muone: mtondo ndi wolemera, wolimba, wofiirira mopita ku chikasu, pamene nsangu ndi yopepuka, yoyererako, ndipo siichedwa kufumbwa. Bwato la nsangu si loipa, koma silingagulidwe pa ndalama za mtondo. Chinanso, mukafike padoko mbandakucha mwini wake asanakape madzi, muone nokha madzi amene alowa usiku.

Mayi wa geni ya nsomba, Makhanga

Bambo, ine ndine wokwera chabe, koma ndawoloka pa doko la Mtayamoyo ku Bangula mokwanira kuti ndidziwe kuti bwato lopanda katundu limanamiza. Ikanimo matumba ofanana ndi omwe muzidzanyamula, mupalase pamalo osaya, muone ngati likupendekera mbali imodzi komanso kuti milomo yake yatsala patali bwanji ndi madzi. Mu Shire muli ng'ona ndi mvuu, ndipo bwato lopendama silikupatsani mpata woti mukonze maganizo muli pakati.

Mufufuzenso umwini. Madzi akasefukira, monga zinachitikira ndi namondwe wa Freddy mu Marichi 2023, mabwato amakokoloka n'kukatoledwa kumunsi ndi anthu ena. Ndalama muperekere pamaso pa a komiti ya padoko kapena a nyakwawa, ndipo mulemberane kalata, kuopa kuti mwini weniweni angadzalizindikire inu mutalikonza kale.

Wosema mabwato, Nsanje

Ndikugwirizana ndi bambo a ku Chiromo pa zambiri, koma pa zigamba ndisiyana nawo pang'ono, chifukwa bwato lokhalitsa lopanda chigamba ndi losowa, ndipo lina limaoneka losalala chabe kaamba koti mwini wake walipaka phula thupi lonse. Chigamba cha m'mbali, ngati chili pamwamba pa pomwe madzi amalekeza, chisakudetseni nkhawa. Chapansicho ndiye pemphani kuti achikanganule muone. Misomali ikachita dzimbiri imadya mtengo wozungulira, moti bowo lomwe linali laling'ono pokhoma lata limakhala litakula, ndipo wogulitsa akakana kuchotsa ndiye kuti akudziwa zomwe zili kuseri kwake.

Chomwe mukugula kwenikweni ndi kuchindikala kwa pansi. Ife posema timasiya pansi pochindikala kuposa m'mbali, popeza ndi pomwe pamakhuzika pamchenga tsiku ndi tsiku, ndipo pakapyapyala palibe mmisiri amene angabwezeretsepo. Pondani m'kati ndi chidendene, mukamva pakunepa, lisiyeni ngakhale atatsitsa bwanji.

Pa ndalama, dziwani kuti mitengo ikuluikulu yoyenera bwato ikusowa kuno ku chigwa, n'chifukwa chake eni mabwato a mtondo amaumirira, ndipo sakulakwa ngati pansi pali pabwino. Tengani wosema amene si mbale wa wogulitsayo, akuuzeni zaka zomwe bwatolo lingatumikirebe poyerekeza ndi latsopano, ndipo ndalama zitsate pamenepo, mutachotsapo zogulira phula, lata, misomali ndi zolipira mmisiri. Kwa ine, kuposa theka n'koyenera pokhapokha chigamba chapansicho chitapezeka kuti chikubisa mng'alu waung'ono wouma. Mufunsenso ngati nkhafi ili m'kati mwa ndalama zomwezo, chifukwa ena amakaitchula padera malonda atatha.