Mawu akuti "thangata" poyambirira ankatanthauza chiyani? Mwana wandigwira pakamwa m'kalasi

Mphunzitsi wa ku Chiradzulu

Akuluakulu ndithandizeni, lero ndatuluka m'kalasi thukuta lili kamukamu. Ndimaphunzitsa History kusekondale ndipo sabata ino tili pa feudalism, dongosolo lakale la ku Ulaya lopatsana malo posinthana ndi ntchito. Ndinajambula makwerero pabolodi: pamwamba mfumu, pansi pake mabwana a malo ndi mabishopu, kenako ankhondo a pakavalo, pansi penipeni alimi. Chitsanzo ndinatenga England. William wa ku Normandy atalanda dzikolo mu 1066 anati nthaka yonse ndi yake, n'kuigawira anthu ake kuti iwo azimubwezera asilikali. Mu 1086 anatuma anthu kukalemba minda, zigayo ndi ziweto m'buku lotchedwa Domesday. Mpaka apa ana amangokopera phee.

Pavuta ndi pa mlimi wapansi uja, serf. Ndinayamba ndanena kuti kapolo, koma ndinabweza ndekha, chifukwa munthuyu anali ndi nyumba yake, banja lake ndi kamunda kake. Chomwe chinkamumanga n'chakuti sabata iliyonse ankalima masiku awiri kapena atatu m'munda wa bwana popanda malipiro, ndipo sakanasamuka pamudzi bwanayo osalola. Ndiye ndinangodula kuti, "Mwachidule, inali thangata."

Mtsikana wina wokhala kumbuyo, amene chaka chonse sindinamvepo mawu ake, anakweza mkono. "Sala, agogo anga popemphera amati Ambuye mutithangate. Ndiye kuti amapempha Mulungu awagwiritse ntchito yaulere?" Kalasi yonse inafa nalo phwete. Anandipulumutsa ndi belu.

Tsono funso langa: thangata kalekale anali chiyani? Nanga mawu a m'pemphero anakafika bwanji pokhala dzina la nkhanza?

Mkulu wa ku Ntchisi

Aphunzitsi, mwanayo sanalakwe. Kwathu kuno kuthangata ndi kuthandiza basi, ndipo mthangati ndi munthu wokugwira mkono ntchito ikakukulira. Ine ndakula ndikuona dima. Mayi amafulula mowa, ana amawaphikira thobwa, uthenga n'kuyenda m'mudzi kuti mawa tikathangate kwa uje. M'mamawa makasu ali ndondondo m'munda, nyimbo ili pakamwa, dzuwa lisanafike paliwombo munda watha. Kenako pansi pa mtengo, chipanda chikuzungulira. Sabata yamawa mwini munda uja ndiye ali kutsogolo m'munda mwa mnzake.

Kwa amfumu nakonso anthu ankapita kukalima, koma ankabwerako atakhuta, ndipo nkhokwe ya amfumu ndiyo inkadyetsa alendo ndi osowa. Wodwala kapena wa maliro akalephera, palibe ankamugwetsera nyumba.

Nachisale

Bambo a ku Ntchisi, kwanuko mawuwa anakhala oyera chifukwa sanadutse m'minda ya azungu. Kwathu ku Thyolo, agogo anga aakazi ukatchula thangata nkhope inkagwa. Makolo awo anali Alhomwe ochokera ku Mozambique, anapeza malo okhala pa esiteti ina. Ankasimba kuti kapitawo amafika nthawi yeniyeni ya dzinja, chimanga chanu chikufuna kupalira, n'kutenga bambo wa pakhomo. Pomwe akubwerako, udzu wadya munda. Wokana ankamuuza kuti asamuke, apite kuti? Ine mpaka ndili wamkulu sindinkadziwa kuti mawuwa ali ndi tanthauzo labwino.

Wokonda Mbiri

Ndiwonjezere pa zomwe anena mayi Nachisale. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1890 Harry Johnston, mkulu wa boma la atsamunda, anapatsa azungu zikalata zotsimikiza kuti malo aakulu a ku Shire Highlands, dera lamapiri la kumwera kwa dziko lino, ndi awo. Zikalatazo zinkati midzi yomwe inalipo kale isasokonezedwe, koma obwera pambuyo, makamaka Alhomwe, analibe chowateteza. Lendi yawo inali ntchito: mwezi umodzi wa malo, wina wa msonkho wa nyumba, ndipo miyeziyo inkatambasuka monga afunira mwini esiteti. Ku Magomero, pa minda ya A. L. Bruce, zinafika poipa, ndipo pa kuukira kwa John Chilembwe mu Januwale 1915 woyang'anira mindayo, William Jervis Livingstone, anaphedwa. Thangata anathetsedwa ndi lamulo mu 1962. Aphunzitsi, Magomero ali pakhomo panu pomwepo, ana anu ena ndi zidzukulu za anthu amenewo.

Koma chomwe chandisangalatsa ndi ichi. Ku England komweko, kupatula masiku a sabata aja, pankakhala masiku ena owonjezera nthawi yokolola, pomwe mlimi ankasiya tirigu wake atacha n'kukamweta wa bwana ndi banja lake lonse. Ntchito imeneyi ankaitcha boon, mawu omwe m'Chingerezi chakale ankatanthauza pempho, ngakhalenso pemphero. M'zolemba za Chilatini ankati precaria, kuchokera ku mawu a kupempha omwewo. Pakamwa zinkamveka ngati bwana wangopempha chithandizo, ndipo mwambo unali woti awadyetse. Analinso ndi mayina osiyanitsa tsiku lokhala ndi mowa ndi tsiku louma lopanda mowa. Koma yesani kukana, mukalipira chindapusa kubwalo la bwana yemweyo. Ndiye mtsikana wanuyo, ndi pemphero la agogo akelo, waponda penipeni pa nkhani osadziwa.

Mkulu wa ku Ntchisi

Ha! Tsiku la mowa ndi tsiku louma? Ndiye kuti nawonso ankadziwa dima. Kungoti dima wawoyo bwana sankabweza khasu.

Achimwene a ku Lusaka

Ine ndikutsutsako pang'ono, musandiponye miyala. Mukawauza ana kuti feudalism ndi thangata, pamayeso adzalemba za tiyi ndi fodya. Mtima wa feudalism uli pamwamba pa makwerero paja, pakati pa bwana ndi wankhondo wake. Munthu ankagwada, n'kuika manja ake m'manja mwa bwana, n'kulumbira kuti ndine munthu wanu. Ankalandira malo, iye n'kumapereka masiku 40 a nkhondo pachaka. Ameneyo sanali wothangata, anali wolemekezeka, ndipo naye anali ndi alimi ake. Thangata akufanana ndi za pansi zokha. Komanso bwana wa ku Ulaya ndi mlimi wake ankapemphera m'tchalitchi chimodzi ndipo ubale wawo unali wa mibadwomibadwo, pomwe wa pa esiteti anali mlendo wolima mbewu zogulitsa kunja, boma la atsamunda lili kumbuyo kwake.

Nachisale

Achimwene, za manja m'manjazo ndamva. Koma kwa amene chimanga chake chikufera mu udzu, bwana kukhala mlendo kapena wakwanu, njala yake ndi imodzi.

Wokonda Mbiri

Nonse mukulondola, mukungoyang'ana mbali zosiyana za makwerero. Ndipo serf anali ndi zina zomwe mawu akuti thangata sakuzinyamula. Akamwalira, bwana ankatenga chiweto chabwino kwambiri m'khola. Mwana wake wamkazi akamakwatiwa ankalipira kwa bwana. Ufa ankakagayitsa kuchigayo cha bwana basi, ndipo tchalitchi nacho chinkatenga chakhumi chake. Chinamasula zingwezi pang'onopang'ono ndi mliri wa 1348, womwe unapha anthu ochuluka zedi mpaka olima anasowa n'kuyamba kudula. Boma linayesa kutsekereza malipiro ndi lamulo la 1351, koma mu 1381 alimi anaukira, Wat Tyler ali patsogolo, mpaka kulowa mu London.

Mphunzitsi wa ku Chiradzulu

Zikomo nonse, ndabwera ndi lipoti. Lero ndinalemba pabolodi mawu awiri okha, thangata ndi boon, n'kufunsa ana kuti chimasiyanitsa dima ndi thangata wa pa esiteti n'chiyani. Ambiri anathamangira pa mowa. Mnyamata wina anati ayi, ngakhale akupatse mowa, ngati sungathe kunena kuti lero sindibwera ndiye si dima. Tinakangana mpaka nthawi kutha, makwerero aja sindinawajambulenso. Achimwene a ku Lusaka musadandaule, za kugwada ndi kulumbira tichita Lachinayi, ndauza ana awiri akonzekere sewero.

Mtsikana uja akuti anakawafunsa agogo ake. Anamuyankha kuti mawuwa ndi athu, azungu anangowabwereka, ndiye iwo sasiya kupemphera nawo.

Chatsala n'chakuti serf uja ndilibebe dzina lake m'Chichewa. Kapolo sizikugwirizana, wothangata achimwene akana. Mwana wina wati "womangidwa kumunda". Bambo a ku Ntchisi, kwanuko munthu wokhala pamalo a mwini, wosagulitsidwa koma wosaloledwa kuchoka, munkamutcha chiyani?