Sefa ya madzi akumwa ndi osamba: ndigule iti, ndipo ndiyambire pati?

MayiWaAtatu

Moni nonse. Ndikupempha nzeru kwa amene mumadziwa za madzi. Timagwiritsa ntchito madzi a pampopi, koma akasiya kutuluka timapopa a m'chitsime cha pakhomo n'kuthira m'thanki yomweyo. A pampopi amanunkha klorini, ndipo akabwera pambuyo posowa amayamba ndi ofiira. A pachitsime amaoneka oyera bwino, koma sopo sachita thovu ndipo pansi pa ketulo pamagwira zoyera zolimba. Ana akasamba amati khungu likuyabwa. Tilinso ndi khanda la miyezi inayi limene timalisungunulira mkaka wa m'chitini.

Wogulitsa wina akuti ndigule makina a RO (okankha madzi kudutsa pa kachikopa kosefa kopyapyala kotchedwa membrane), wina akuti ya makala yomanga pampopi ikwanira, wina akuti ndiike imodzi yaikulu paipi isanalowe m'nyumba. Kodi ilipo sefa imodzi yothana ndi zonsezi? Ngati palibe, ndiyambe ndi iti?

WaLabotale

Mayi, musatulutse ndalama kaye. Sefa iliyonse ili ndi zimene imagwira ndi zimene imazisiya kudutsa, choncho mukhoza kugula yabwino ndithu koma yosagwirizana ndi vuto lanu. Madzi anu ndi a mitundu iwiri, ndipo mtundu uliwonse uyezedwe pawokha usanalowe m'thanki.

Pa zonse mwanenazi, chimene chikundidetsa nkhawa ndi chitsimecho ndi khandalo. Chitsime chosazama, makamaka chikayandikana ndi chimbudzi, khola kapena munda wothira feteleza, chikhoza kukhala ndi nitrate wambiri. Nitrate saoneka, sanunkha, samveka m'kamwa. Kwa mwana wosakwana miyezi 6 amalepheretsa magazi kunyamula mpweya bwino, mpaka milomo ndi zala kuyamba kuda. Kuwiritsa sikumuchotsa. Madzi akamaphwera pamoto iye amatsalira, ndiye amachulukirako. Mpaka zotsatira zituluke, mkaka wa mwana muzisungunulira madzi a pampopi okha, otunga asanafike m'thanki, owiritsa mpaka abwate kwa mphindi imodzi.

Ku labotale pemphani kuti ayeze E. coli (bakiteriya wosonyeza kuti madzi adetsedwa ndi za m'chimbudzi), nitrate, fluoride, arsenic, ayironi, kuchuluka kwa calcium ndi magnesium, ndi mchere wonse wosungunuka, umene amaulemba kuti TDS. Bungwe la WHO limati E. coli asapezeke ngakhale mmodzi m'mamililita 100 a madzi akumwa, nitrate asapose mamiligalamu 50 pa lita, fluoride 1.5, arsenic 0.01. Ayironi akaposa 0.3 amayamba kufiiritsa zovala ndi sinki. TDS ikaposa 1,000 madzi amayamba kusakoma. Botolo loyezera tizilombo mutenge lawo, lophikidwa kale. Tsegulani mpopi madzi atayike kwa mphindi ziwiri kapena zitatu, dzazani osakhudza kukamwa kwa botolo kapena mkati mwa chitsekero, lisungeni pozizira, ndipo lifike tsiku lomwelo. Likagona pofunda, tizilombo timaswana kapena kufa, zotsatira n'kukhala zabodza. Chitsime mudzachiyezenso mvula ikagwa, chifukwa ndi pamene zonyansa za pamwamba zimalowa.

Tsopano za masefawo. Timabowo tawo amatiyeza ndi ma micron, ndipo ma micron 1,000 ndiwo amapanga milimita imodzi. Giardia ndi Cryptosporidium, tizilombo totsegula m'mimba, ndi ta ma micron 4 kupita m'mwamba. Mabakiteriya ambiri ali cha pa micron imodzi, ndipo mavairasi ambiri sakwana 0.1. Apa muona nokha kuti sefa ya matope ya ma micron 5 imagwira mchenga ndi dzimbiri basi, matenda amadutsa. Ya makala imachotsa klorini, fungo ndi mankhwala ena ophera tizilombo m'munda, koma siichotsa nitrate, fluoride kapena mchere, ndipo siipha mabakiteriya. Ikakhalitsa osasinthidwa, iyo yomweyo imasanduka moswaniramo. RO ndiyo imachotsa zosungunuka, nthawi zambiri kuposa magawo 90 pa 100 a mchere, ndipo imachepetsa kwambiri fluoride ndi nitrate. Ngati zotsatira sizikuonetsa zimenezi, RO simukuifuna.

WaMapaipi

Zimene anena a WaLabotale n'zoona. Ine ndiwonjezere za kamangidwe, poti masefa ambiri amalephera chifukwa cha pamene aikidwa.

Ku funso lanu lija, mayi, sefa imodzi ya zonse kulibe. Madzi akumwa ndi ophikira ndi malita ochepa patsiku, osamba ndi ochapira ndi ambirimbiri. Sefa yosefa mosamala imatulutsa madzi pang'onopang'ono, ndipo mukaiika pa nyumba yonse idzatsekeka msanga, shawa n'kumangodontha. Ndiye gawani ntchito: ya matope ya nyumba yonse, yosefa mosamala ya kukhitchini kokha.

Choyamba yezani kutalika kwa thanki. Mamita 10 aliwonse kuchokera pamadzi a m'thanki kufika pampopi amapereka presha ya bar imodzi. Thanki ya mamita 4 m'mwamba ikupatsani 0.4 yokha. RO imafuna pafupifupi ma bar 3, choncho pa thanki yotere siigwira ntchito popanda pampu yowonjezera presha, ndipo pampuyo imafuna magetsi. Ogulitsa ambiri izi sanena. Munthu amangoona kathanki ka RO kosadzaza, madzi akungothamangira ku ngalande. Ngakhale ikugwira bwino, RO wamba imataya malita atatu kapena anayi pa lita imodzi yakumwa.

Ya matope muike pa paipi yolowa m'thanki, kumene presha ndi yambiri, kuti dothi lisakadikhe pansi pa thanki. Yambani ndi ya ma micron 20. Mukayamba ndi 5 pa madzi a dzimbiri, katiriji, chosefera cha mkati chimene chimasinthidwa, itsekeka m'masiku ochepa. Chikho choikamo katirijiyo chisankheni chachikulu, cha mainchesi 20 chonenepa chija, chifukwa cha mainchesi 10 chowonda anachipangira mpopi umodzi. Ikani valavu kutsogolo ndi kumbuyo kwake, ndi kapaipi kolambalala kokhala ndi valavu yake, kuti posintha katiriji nyumba isakhale yopanda madzi. Mukatha kuika geji yoyezera presha mbali zonse ziwiri ndi bwino koposa: kusiyana kukayandikira bar imodzi, katiriji yatha. Chikho choonekera mkati chisakhale padzuwa, chimamera ndere. Pomanga, mphira yozungulira ya pakamwa pa chikho muipake girisi wa silicone n'kumanga ndi manja. Sipanala yapulasitiki imene imabwera nayo ndi yomasulira. Anthu amamangira nayo mpaka chikho kung'aluka, kenako n'kumati sefa inali yabodza.

Pa paipi yolowa m'thanki musaikepo ya makala. Klorini amene akukunyansaniyo ndiye akuteteza madzi ali m'thanki ndi m'mapaipi. Mukamuchotsa pakhomo polowera, thanki yofunda ndi dzuwa idzaweta mabakiteriya. Muchotseni kumapeto, pampopi wa kukhitchini. Katiriji ya makala yatsopano mutsegulire madzi mphindi zingapo mpaka zakuda zisiye kutuluka, ndipo muisinthe pa miyezi 6 ngakhale ikuoneka bwino. Lembani tsiku pachikhopo.

Madzi ofiira aja ndi dzimbiri ndi dothi zimene zimavunduka m'mapaipi madzi akabwera ndi mphamvu. Akangosiya kutuluka tsekani valavu ya ku thanki. Akabwera tsegulani mpopi wapanja mpaka ayere, kenako mutsegulire thanki. Katiriji imakhalitsa kwambiri ndi chizolowezi chimenechi.

Chimene ndingakuchonderereni ndi kusiya kusakaniza. Madzi a pachitsime amamaliza klorini wochepa amene anali m'thanki, ndipo zonse zimene zili m'chitsime zimafika pampopi uliwonse wa m'nyumba. Ngati n'kotheka akhale ndi thanki yawo ya kuchimbudzi ndi kochapira. Paipi ya pachitsime isalumikizidwenso mwachindunji ndi ya madzi a pampopi, chifukwa presha ikatsika madzi anu akhoza kubwerera m'paipi yaikulu n'kukafika kwa anzanu oyandikana nawo.

MayiWaAtatu

Zikomo kwambiri nonse awiri, za khanda ndiyamba lero lomwe. Nanga za kusamba? Ndaona timasefa tomanga pa shawa. Komanso wogulitsa uja anaviika kachipangizo kokhala ngati cholembera m'madzi athu, kanaonetsa 480, ndipo anati madziwo ndi oopsa.

WaLabotale

Kachipangizoko kamayeza mmene madzi akudutsitsira magetsi, n'kuyerekeza kuchuluka kwa mchere wosungunuka, TDS ija. Sikaona mabakiteriya, sikasiyanitsa calcium ndi arsenic. Madzi a 480 akhoza kukhala abwinobwino, pamene a 60 ali ndi kolera. WHO imaona madzi osaposa 600 ngati okoma bwino. Kachipangizoka kamathandiza pa chinthu chimodzi: mukakhala ndi RO, yezani madzi olowa ndi otuluka, ndipo otuluka akayamba kuposa gawo limodzi mwa magawo asanu a olowa, membrane yatopa.

Zoyera za m'ketulo ndi calcium ndi magnesium. Kumwa alibe vuto. Posamba amagwirana ndi sopo n'kusiya utoto wosaoneka pakhungu, ndipo munthu amapaka sopo wambiri pofuna thovu, khungu n'kuuma. Sefa ya pa shawa siichotsa zimenezi, ngakhale pa bokosi atalemba zotani. Ntchito yake ndi kuchepetsa klorini. Mukafuna kugula, funani yokhala ndi KDF-55, timibulu ta copper ndi zinc, chifukwa makala okha amafooka m'madzi otentha othamanga. Chochotsadi calcium ndi makina a softener, amene amasinthanitsa calcium ndi sodium ndipo amafuna kuthiridwa mchere nthawi ndi nthawi. Ndi oyenera kuwaganizira zotsatira za calcium ndi magnesium, zowerengedwa ngati calcium carbonate, zikaposa mamiligalamu 200 pa lita. Pa mamiligalamu 100 aliwonse amene achotsa, amathira sodium pafupifupi 46, choncho mpopi wa madzi akumwa, makamaka a khanda, ukhale wosadutsa m'makinawo.

Musanagule chilichonse, onani kaye kuti ana amayabwa masiku a madzi ati. Ngati ndi a pachitsime, kasefa ka pa shawa sikathandiza. Achepetse kutentha kwa madzi, asakhalitse, atsukuluze sopo bwino, adzole mafuta khungu likadali lonyowa. Pakatuluka zidzolo kapena zilonda, kapena kuyabwa kukamakula usiku, apite kuchipatala, chifukwa mwina si madzi n'komwe.

Mkonzamadzi

Ndasiyana pang'ono ndi a WaMapaipi pa nkhani ya makala a kukhitchini. Pa madzi a pampopi okhaokha ndi okwanira. Koma nyumba imene madzi amadukaduka, n'kumakhala m'thanki, mwinanso kusakanikirana ndi a pachitsime, vuto lalikulu ndi tizilombo, ndipo makala sayankha vuto limenelo. Paipi ikakhala yopanda madzi, madzi akuda a m'nthaka amalowera m'malo odontha, ndiye ngakhale a pampopi oyamba kubwera si odalirika.

Pa nyumba ngati yanu, mayi, ine ndingasankhe sefa ya zidebe ziwiri, china pamwamba pa chinzake, yokhala ndi makandulo a ceramic, zosefera za dothi lowotcha zooneka ngati kandulo. Siifuna magetsi kapena presha. Timabowo take sitikwana micron imodzi, choncho imagwira mabakiteriya ambiri ndi tizilombo tonse tokulirapo, ndipo makandulo ena amakhala ndi makala mkati ochotsa fungo. Kufooka kwake ndi mavairasi, amene akhoza kudutsa, n'chifukwa chake madzi a khanda muziwiritsabe. Kandulo imodzi imatulutsa cha pa lita imodzi pa ola, ndiye banja la anthu asanu litenge ya makandulo awiri kapena atatu, n'kumadzaza madzulo.

Imeneyi imaonongeka ndi kasamalidwe. Madzi akayamba kuchedwa, chotsani kandulo, ikwecheni pang'ono ndi siponji yaukhondo pansi pa madzi oyera, osapaka sopo chifukwa amalowa m'timabowo. Manja asakhudze kukamwa kumene madzi oyera amatulukira. Mukaona madzi ayamba kudutsa mothamanga kuposa kale, musasangalale: kandulo yang'aluka kapena mphira ya pa nati yamasuka, ndipo madzi akulambalala. Yong'aluka ngakhale pang'ono itayidwe. Chidebe cha pansi chitsukidwe sabata iliyonse, ndipo madzi azituluka pa kampopi kake, osaviikamo kapu. Madzi ambiri osefedwa bwino amadetsedwa pa malo amenewa.

Mukafuna yomanga pansi pa sinki yosadya magetsi, funani ya UF (ultrafiltration, ya timabowo tating'ono kwambiri) yolembedwa 0.02 micron kapena kuchepera, yotsagana ndi makala, koma funsani presha imene imafuna musanagule. Ya UV, yogwiritsa ntchito kuwala kwa babu yapadera, imapha ngakhale mavairasi, koma imafuna madzi oyera mbee, odutsa kaye mu ma micron 5, chifukwa tizilombo timabisala kuseri kwa tinthu toyandama. Ayironi ndi calcium amakuta galasi lotchinga babu, ndiye lizipukutidwa. Babu isinthidwe chaka chilichonse ngakhale ikuyaka, poti mphamvu yake imatsika maso osaona. Magetsi akathima madzi amadutsa osatetezedwa, ndipo palibe chimene chimasintha pa maonekedwe awo.

Pa bokosi musayang'ane mawu akuti 99.9% okha. Funani nambala ya NSF/ANSI, yosonyeza muyezo umene sefayo inayesedwa nawo: 42 ndi ya fungo ndi klorini basi, 53 ndi ya zoopsa pa thanzi monga lead (mtovu), 55 ya UV, 58 ya RO, 177 ya pa shawa. Pansi pake pamayenera kulembedwa dzina la chinthu chimene sefayo inayesedwa kuti imachotsa. Funsaninso ngati makatiriji ake ndi a saizi yofala, chifukwa ena amangokwana a kampani imodzi, ndipo akasowa makina onse amaima.

Zotsatira zikadzaonetsa nitrate kapena fluoride woposa malire m'chitsime mokha, njira yosavuta ndi kusiya kumwa madzi a pachitsimecho n'kusunga a pampopi m'zigubu zotsekeka bwino. Zikadzaonetsa vuto m'madzi a mitundu yonse iwiri, apo ndiye RO ndi pampu yake, ndipo makala ake oyambirira musamawachedwetse kusintha, chifukwa klorini akafika pa membrane amaiboola. Zikatuluka mudzalembe manambalawo pano tidzaonere limodzi.