Wufa yanga ikungolira "mmmm" osaleka, vuto lili pati?

Wofunsa: Akuluakulu a pagulu lino, ndithandizeni nzeru. Ndili ndi wufa ya masipika asanu pabalaza, yolumikizidwa ku TV ndi dikoda ya dishi. Chisamukire ku Area 25, ndikangoiyatsa imayamba kulira mmmm chapansipansi. Nyimbo zikamaimba mokweza sikumveka kwenikweni, koma nthawi ya nkhani kapena usiku ana atagona, mpaka mutu kuwawa. Kunyumba yakale sinkachita zimenezi. Wokonza mawailesi wina wandiuza kuti ndithyole mwendo wautali wa pulagi, akuti phokoso litha. Ndichite zimenezo kapena ndiyambe kusunga ndalama za ina?

Mmisiri wa zamagetsi, Ndirande: Achimwene, mwendo umenewo musaukhudze. Ndi earth imeneyo. Waya wina akasupuka mkati n'kukhudza chitsulo, earth ndiyo imatenga magetsiwo mpaka fyuzi kuphulika kapena breaker kugwa. Mukaithyola, ma 230 volts adzadutsa mwa amene wagwira wufayo, mwina mwana wanu. Phokosolo likhoza kuthadi, ndiye chifukwa chake anthu amakopeka nayo nzeru imeneyi, koma ndi yoopsa. Yambani ndi zaulere. Zulani mawaya onse olowa mu wufa, musiye wa magetsi ndi wa masipika basi, kenako yatsani. Ikakhala chete, wufa ilibe mlandu. Bwezerani waya mmodzimmodzi mpaka mupeze amene akubweretsa phokoso.

Mnyamata wa ku Mzuzu: Yanga inkatero, ndimangoipatsa khofi pambali imasiya 😂

Wokonza ma amplifier, Limbe: Iwe usaphunzitse anthu kumenya katundu. Ikamasiya ukaimenya ndiye kuti pali polumikiza pamene pakhwepa, ndipo tsiku lina idzasiyiratu kuimba. Kwa bambo ofunsawa, onjezani ichi pa zimene anena a ku Ndirandewo: tsitsani voliyumu mpaka zero. Phokoso likamakwera ndi kutsika limodzi ndi voliyumu, likulowera ku mawaya. Likakhala chimodzimodzi ngakhale mwazula zonse, nthawi zambiri ndi makapasita akuluakulu a mbali ya magetsi, atha mphamvu, ena amachita kufufuma pamwamba. Magetsi athu ndi a 50 Hz, ndiye kulira kwake kumakhala kokhuthala. Kwa makapasita kumakwera pang'ono, 100 Hz. Koma musatsegule nokha, amasunga magetsi ngakhale mutazula ku soketi.

Mayi wa ku Zomba: Bambo, kodi mumagwiritsa ntchito inveta magetsi akazima? Kwathu wailesi imalira zzzz pa inveta pokha. Anatiuza kuti yathu ndi ya modified sine wave, zotchipa zija, ndipo zoimbira zimafuna pure sine wave. Chaja ya foni nayonso imachititsa, mukamaimba nyimbo pa waya wa aux foni ili pa chaja.

Wofunsa: Zikomo nonse. Inveta ndilibe, mayi. Ndayesa monga mwanenera: nditazula zonse, wufa zii. Kubwezera mawaya ofiira ndi oyera a ku dikoda, mmmm wabwerera. Chodabwitsa, nditamasula waya wa dishi kumbuyo kwa dikoda, phokoso lathanso. Ndiye nditani, ndisiye kuonera mpira?

Mmisiri wa zamagetsi, Ndirande: Mpira muonera, achimwene. Imeneyo timaitcha ground loop. Waya wa dishi ukugwira nthaka mbali yake, wufa ikugwira kudzera pa soketi, ndiye timagetsi tochepa tikuzungulira m'mawaya a RCA, ofiira ndi oyera aja, ndipo wufa ikutikweza ngati nyimbo. Choyamba ikani TV, dikoda ndi wufa pa ekisitenshoni imodzi. Zikakanika, onani ngati TV ndi wufa zili ndi polowera optical. Waya umenewo umatumiza mawu ndi kuwala, mulibe chitsulo, ndiye phokosolo lilibe podutsa. Ngati palibe, gulani ground loop isolator ya RCA, kachipangizo kotsekereza timagetsi tozungulira tija, ogulitsa zoimbira za m'galimoto amakhala nazo. Osagula yoika pa waya wa dishi, chifukwa dikoda imatumiza 13 kapena 18 volts ku LNB, kachipangizo kokhala kutsogolo kwa dishi kaja, kudzera momwemo ndipo ma isolator ambiri amatseka magetsi amenewo, chithunzi chimasowa. Komanso poti nyumbayo mwangolowamo, auzeni alandilodi aitane mmisiri adzayeze earth ya masoketi.

Wofunsa: Polowera optical pali, sindinkadziwa ntchito yake. Waya wake ndikaupeza kuti kuno ku Lilongwe?