Magemu akale aja, inu mumakumbukira ati?

WakuChilomoni:
Abale ndifunseko. Sabata yathayi ndinapita kwa masteni kukathandiza kusamutsa katundu, ndiye pansi pa bedi ndinapeza katoni, kutsegula muli gemu yathu ija yolumikiza pa TV, mapadi awiri, kamfuti kake, ndi katiriji yachikasu yolembedwa 9999 in 1 ikadali chilowereni. Ndinakhala kaye pansi aise. Paja tinkakhulupiriradi kuti mulidi magemu 9999, pomwe anali mwina khumi basi ongobwerezabwereza, Mario yemweyo angomusintha poyambira. Ndagula adaputa, yayaka, Mario akudumpha bhobho, koma ya abakha ija ikukana, ndikawombera palibe chikugwa, galu uja akungondiseka ngati kale. Mfuti yafa kapena? Komanso ndiuzeniko gemu imene inu simudzaiwala, chifukwa ana anga ndawaonetsa akuti adadi zimenezi ndi zichani kkkk

Mkonza_Mawailesi:
Achimwene mfuti siinafe, vuto ndi TV yanu yopyapyalayo. Kamfuti kaja sikaponya kanthu, kamangoona kuwala. Mukakoka, sikirini imada bii kwa kamphindi kosaoneka ndi maso, kenako pomwe pali bakha pamabwera kabokosi koyera, mfuti ikaona kuyerako ndiye kuti mwalasa. Ma TV atsopanowa amachedwa pang'ono kuonetsa chithunzi, pofika kabokosi kaja gemu imakhala yasiya kale kudikira. Pezani TV yachimsana yakale ija muone. Duck Hunt, ya abakhayo, ndi ya Nintendo, ya 1984, Mario wake uja 1985, ife zimatipeza mochedwa kudzera m'makina okopera, enieniwo ambirife sitinawaonepo n'komwe.

Ine yanga ndi Contra. Mfana wina wapa neba anabwera ndi kachinsinsi kaja, mmwamba kawiri, pansi kawiri, kumanzere kumanja kumanzere kumanja, B, A, kenako start, umayamba ndi miyoyo 30. Tinkamupatsa ulemu ngati sing'anga. Koma ndewu inali pa siteji ya mathithi ija yokwera, mnzako akathamanga kukwera iwe wotsala pansi umafa, ndipo wina miyoyo ikamuthera amangodina batani n'kuba wako osakupempha. Ine ndi mkulu wanga tinakhala masiku awiri osayankhulana nkhani yake imeneyo.

NaPhiri_wa_Area25:
Anyamata inu mukukamba ngati tonse tinkagwira padi. Ife atsikana timangoti tikafika pafupi akuti iwe katsuke mbale, ukatha ubwere, pobwera adaputa yatentha ayizimitsa kuti izizire. Ya akasinja yokha ndi imene achimwene anga ankandilola, ndiye ntchito yanga inali kulondera chiombankhanga chija pansipo iwo akukamenya nkhondo, tsiku lina ndinachiwombera ndekha mwadala chifukwa anandikalipira kkkk

Yanga yeniyeni inali brick game, yomangamanga njerwa ija. Mabatire akafooka timawaika padzuwa, ena kumawaluma kuti agwireko pang'ono. Kenako bambo anagula Nokia 3310, basi Snake. Ndinkadikira alowe kubafa ndiye nditenge foni, njoka yatalika yadzaza sikirini yonse mtima uli phaphapha, apo ndi pomwe munthu amaimba foni. Mpaka pano ndikatseka maso ndimaiona ikutuluka mbali ina n'kutulukira inayo.

Mjoni_waku_Mangochi:
Nonsenu mukunama, gemu ndi PES 6 basi, ya mpira ija, ya 2006, ndipo sinabwerenso ina yoposa apo ngakhale asinthe dzina akhale eFootball. Kwathu kunali kachipinda kuseri kwa msika, PS2 ziwiri, benchi imodzi, katani yakuda pakhomo, mkati fungo la thukuta ndi chipisi, umalipira gemu imodzi wogonja ndiye amadzuka wopambana n'kukhalabe, ndiye panali mkulu wina wometa amene amatha kukhala pabenchipo kuyambira m'mawa mpaka madzulo osalipiranso kanthu, tonse timangosonkha ndalama zoti atichinye. Lamulo linali limodzi, Inter osasankha. Adriano wawo uja shoti yake inali 99, akangotembenukira ku mwendo wamanzere ngakhale pakati pa bwalo goloboyi amangoperekeza ndi maso. Ine wa Liverpool ndinkasewera ndi Merseyside Red poti dzina lenileni munalibe, koma timadziwa kuti ndi anyamata athu omwewo.

Chimandiwawa mpaka lero ndi tsiku lomwe ndinamutsogolera wometayo 2-0, kwatsala pang'ono kuti ithe, anyamata aima pabenchi kukuwa, magetsi thii. Mkulu uja anangoti sizinathe mphwanga, sitiwerenga. Ndipo Master League yanga, ija yomanga timu yakoyako, ndinayamba ndi osewera ongopeka aja Castolo ndi Minanda, kuvutika nawo miyezi mpaka timu inadzaza madolo, msuweni wanga anaifufuta pa memory card ya 8MB ija kuti asungepo Mortal Kombat yake. Pano tonse tili kuno ku Joni, ndimamuthandiza lendi nthawi zina, koma nkhaniyo sindinaiwale.

Mkonza_Mawailesi:
Aise wometa uja anali ndi ufulu, gemu yosatha si gemu. Koma za msuwenizo pepa, pamenepo pofunika ankhoswe.

Kadaunda_265:
Palibe watchula GTA? Ine kope langa la Agriculture kumbuyo kwake kunali ma cheat okhaokha, aphunzitsi atalipeza anaganiza kuti ndi zachikunja. HESOYAM ndimaikumbukira kuposa nambala yanga ya mayeso, ukalemba moyo umadzaza, ndalama $250,000 pompo. GTA San Andreas inatuluka 2004 koma ine ndinaigwira patapita zaka, pa kompyuta ya amalume yomwe imati ukathamangitsa galimoto msewu umasowa n'kumayenda m'malere. Mamishoni sindinkapanga kwenikweni, Chingerezi chake chinkathamanga, ine kwanga kunali kukwera njinga, kuputa apolisi, basi. Ija yothamangitsa sitima pa njinga yamoto ndi Big Smoke ndinaibwereza mpaka ndinalira, munthu wonenepa uja kuwombera osatha koma wolakwa ndiwe. Need for Speed Most Wanted nayonso, kulandidwa BMW ija koyambirira kenako kukwera mndandanda wa anthu 15 kuti ukamupeze Razor wokulandayo, ndinafika pa nambala 4 hard disk inafa.

Mjoni, FIFA inadzakupitirirani, vomerezani.

Mjoni_waku_Mangochi:
Mfana iwe unabadwa liti? Usandiyambe.

WakuChilomoni:
Bwana Mkonza munanena zoona. Ndakatenga TV yachimsana kwa apongozi, inali kukhitchini aikapo madengu, ndalumikiza, kuwombera kamodzi bakha pansi. Ana aja amanyoza aja pano akulimbirana kamfuti, wamng'onoyo wagunditsa pagalasi penipeni ngati mmene tinkabera ife, sindinamuphunzitse ndine. Mayi awo nawo alanda padi akuti akufuna ya akasinja, Anaphiri, zikuoneka kuti nkhani ija si yanu nokha.

Kungoti adaputa yayamba kununkha. Alipo akudziwa pomwe ndingapeze ina ku Limbe?